Njira, Njinga ndi Misampha

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Malimidwe wa m'boma la Lilongwe. Taisindikiza muno kuti mafumu aiwerengere anthu awo pa bwalo.

Lero sindikamba za nazale ya fodya kapena za kasungidwe ka chimanga ayi. Ndifuna tikambirane mbiri ya zinthu ziwiri zimene tonse tizidziwa, ndizo njira ndi njinga, pakuti zinthu ziwirizi zayamba kudanitsa anthu m'midzi mwathu.

Munthu akaima pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe mbandakucha, nayang'ana kumene kuli Msika wa Tsoka ndi msika wa Lizulu, aona njinga zirikufika zondondozana ngati linthumbu. Ina yasenza dengu la tomato, ina mitolo ya mpiru, ina nzimbe, ina nkhuku zolendewera pa handulo, ina matumba a makala, ndipo ina yakweza mayi wopita kukasankha kaunjika. Zambiri mwa njinga zimenezi sizinagone m'tauni. Zachokera ku Mitundu, ku Malingunde, ku Mpingu, ku Nathenje ndi kwina kotere, ndipo zisanaponde tala zayamba zayenda mtunda wautali m'tinjira todutsa m'minda, m'madimba ndi kuseri kwa nyumba zanu. M'tinjira m'menemo ndimo muli nkhani yathu.

Dzinja lapitali, chimanga chitamasula ngayaye, mnyamata wina wa m'dera limene ndigwiramo ntchito ananyamuka tambala woyamba atalira, ali ndi madengu awiri a tomato pa keliyala. Mudziwa kuti nthawi ya mvula tomato asowa ndipo mtengo wake ukwera, kotero mnyamatayo anafuna kufika ku msika ogula asanabalalike. Atafika pamene njira idutsa m'munda wa bambo wina wa mudzi woyandikana nawo, gudumu lakutsogolo linagwera m'ngalande imene inakumbidwa mopingasa njira ndi kuphimbidwa ndi udzu. Mnyamatayo anaponyedwa kutsogolo nathyoka fupa la paphewa. Mkombero unapindika, tomato yense anaphwanyika, ndipo kwa miyezi iwiri mwini wake sanagwire khasu. Pomaliza ndidzakuuzani m'mene mfumu inaweruzira mlanduwo. Koma poyamba tiyeni tibwerere m'mbuyo, pakuti mkangano wotere sunayambe lero.

NJIRA ZA MAKOLO

Kale m'dziko muno munalibe misewu. Munali njira za mapazi, zopapatiza, zokwana munthu mmodzi, ndipo anthu ankayenda motsogozana. Njirazo zinali zokhotakhota chifukwa phazi limalambalala chulu, chitsa ndi chithaphwi. Nchifukwa chake akuluakulu anati khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. M'menemo munkadutsa osula makasu, ogulitsa mchere, opita kukapempha mvula kwa Makewana ku Msinja, ndiponso, m'masiku oipa aja, nkhondo za Angoni ndi magulu a akapolo opita kwa Jumbe ku Nkhotakota.

Makolo athu ankadziwa kutseka njira, koma ankatseka ndi chizindikiro chooneka. Wotsogola pa ulendo akafika pa mphambano, ankathyola tsamba naligoneka pa njira imene sanalowere, kapena kulembapo mzere ndi phazi, kuti otsalira m'mbuyo asasochere. Njira ya ku dambwe inali ndi chizindikiro chake chimene mwana aliyense wa m'mudzi ankachidziwa. Ndipo mpaka lero, pamudzi pakagwa maliro timayala masamba pa msewu, wa galimoto nachepetsa liwiro, wa njinga natsika ndi kuyenda chokankha mpaka atapitirira masamba achiwiri. Chizindikiro chimalankhula ndi maso a munthu. Chimamuuza kuti ima, tsika, kapena bwerera.

Msampha unali wa nyama. Diwa linali la mbewa, khwekhwe la gwape, mbuna ya nguluwe. Wokumba mbuna ankaikumba m'mkwaso wa nyama kuthengo, nachenjeza anthu a pamudzi, ndipo munthu akagweramo unali mlandu wa mwini mbuna. Kusiyana kwa chizindikiro ndi msampha mukugwire bwino, chifukwa nkhani yonseyi yagona pamenepo.

Azungu atafika, m'njira zomwezi munayamba kuyenda amtengatenga osenza katundu wa Boma ndi wa makampani, ndi anthu onyamula Azunguwo pa machila. Mu 1912 Boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo lopatsa mafumu ndi nyakwawa ntchito zawo, ndipo ina mwa ntchitozo inali kuona kuti njira za pakati pa midzi zirikulambulidwa. Mu 1933 mafumu akuluakulu anapatsidwa mabwalo awo a milandu ovomerezedwa ndi Boma. Motero, mwa mwambo ndi mwa lamulo lomwe, njira ya m'mudzi yakhala m'manja mwa mfumu kuyambira kale.

KUMENE NJINGA INACHOKERA

Njinga inabadwira ku Ulaya. Mu 1817 Mjeremani wina, Karl von Drais, anapanga chinthu cha matabwa cha magudumu awiri chimene munthu ankachiyendetsa ndi kukankha pansi ndi mapazi. M'zaka za m'ma 1860 amisiri a ku France anachiika zopalasira. Njinga yofanana ndi yathuyi, ya magudumu awiri olingana ndi tcheni chokoka gudumu lam'mbuyo, inapangidwa ndi John Kemp Starley ku Coventry, m'dziko la England, mu 1885, ndipo mu 1888 John Boyd Dunlop wa ku Belfast anaiveka matayala opopa mpweya.

Musaganize kuti Angerezi anailandira ndi nthungululu. Oyendetsa ngolo za akavalo ankati misewu nja iwo, ndipo anthu a m'midzi ankadandaula kuti njinga zirikudzidzimutsa akavalo ndi kugunda oyenda pansi. Ana ankagenda okwera njinga, ena nkumalowetsa ndodo m'masipoko. Mu 1876 woyendetsa ngolo ya pa msewu wa ku St Albans anakwapula wokwera njinga ndi chikoti, ndipo mnzake wa pa ngolopo anaponya chitsulo chomangidwa ku chingwe kuti chikole gudumu. Onse awiri anatengeredwa ku bwalo la milandu nalipitsidwa.

Koma tamverani mbali inayo. Mu 1879 bwalo lalikulu la ku England linagamula kuti njinga iri ngati ngolo ina iriyonse pa msewu. Chigamulo chimenechi chinatuluka pa mlandu wa munthu amene anathamangitsa njinga nagunda woyenda pansi, ndipo wa njingayo ndiye anapezeka wolakwa. Mu 1888 Nyumba ya Malamulo ya kumeneko inalemba zimenezi m'lamulo, niwonjeza kuti wa njinga ayatse nyali usiku ndi kuchenjeza anthu ndi belu pofuna kuwapitirira. Tsono muone kuti tsiku limene njinga inapatsidwa ufulu wa pa msewu ndi tsiku lomwelo limene inasenzetsedwa udindo. Za njira za m'minda ndi m'nkhalango anazikonza mochedwa: mu 1968 lamulo linalola njinga kuyenda m'njira za akavalo za ku England ndi Wales, pokhapokha wa njingayo azipatukira oyenda pansi ndi okwera akavalo. Ngakhale ziri tero, mpaka zaka zino kumamvekabe nkhani za anthu omanga waya mopingasa njira za m'nkhalango, kapena kukwirira matabwa okhomedwa misomali, kuti apweteke okwera njinga, ndipo apolisi a kumeneko amaiyesa nkhani yotere mlandu waukulu. Matenda amenewa si a ife tokha.

NJINGA IFIKA KU LILONGWE

Kuno ku Chigawo cha Pakati njinga zoyamba zinaoneka ndi Azungu a mishoni ndi a Boma. Mishoni ya Mvera inayamba mu 1889, ya Nkhoma mu 1896, ndipo patapita zaka zochepa ansembe a Chikatolika anakhazikika ku Likuni. Sukulu zawo za m'midzi zinali zotalikirana, ndipo njinga inali yopepuka kuposa machila, pakuti siifuna anthu oinyamula ndi kuwadyetsa. Pofika 1904 panali patamangidwa boma m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, m'dziko la mfumu Njewa, ndipo posakhalitsa Amwenye anamanga masitolo tsidya la mtsinje. Pamenepo mpamene lero tipatcha Old Town.

Chimene chinaika njinga m'manja mwa munthu wa kumudzi ndi zinthu ziwiri, fodya ndi ulendo. Mu 1920 A. F. Barron anatsegula munda ku Mbabzi, ndipo pamodzi ndi mnzake R. W. J. Wallace anayamba kuphunzitsa anthu a m'midzi kulima fodya wa chikopa ndi kumawagula. Alimi anachuluka msanga kotero kuti mu 1926 Boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board loyang'anira ulimiwo ndi misika yake. Mlimi akagulitsa bwino, atapereka msonkho ndi kugulira mkazi wake nsalu, mtima wake unkalunjika pa njinga. Enanso anapita kukagwira ntchito ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare, ku Bulawayo ndi ku migodi ya ku Joni, ena paokha, ena kudzera kwa Wenela kapena kwa Mthandizi. Wobwerera kwawo ali ndi sutikesi, bulangete ndi njinga ya Raleigh, Humber, Hercules kapena Phillips ankayesedwa munthu amene sanapite pachabe.

Njinga inafupikitsa dziko. Ulendo wa ku boma umene unali wogonera panjira unasanduka wopita ndi kubwera tsiku lomwelo. Wodwala anafika ku chipatala, mphunzitsi anafika ku sukulu, uthenga wa maliro unafika kwa abale mtembo usanaikidwe. Komanso inabweretsa mavuto ake. Njira ya mapazi sinapangidwire chinthu chothamanga ndi chosamveka mgugu. Mayi wosenza mtsuko ankangodzidzimuka chiri pambuyo pake. Ndipo panali nsanje, pakuti mnyamata wa dzulodzulo ankadutsa ali pamwamba, akuluakulu ali pansi. Midzi inakonza zimenezi popanda kulemba kalata. Inangoika mwambo wakuti wa njinga atsike pa bwalo la mfumu, pa maliro, ndi pokumana ndi apongozi kapena nkhalamba m'njira yopapatiza. Wosatsika ankatchedwa wamwano, ndipo mbiri yake inkamutsogolera kumene akafunsira mbeta.

ZAKA ZA MALIMIDWE

Tsopano ndifika pa zaka zimene ife alangizi tiyenera kuzikamba modzichepetsa. Mu 1946 Boma la atsamunda linaika lamulo losamalira nthaka, ndipo itapita njala ya 1949, m'nthawi ya Bwanamkubwa Geoffrey Colby, lamulolo linalimbitsidwa kwambiri. Anthu anakakamizidwa kulima mizere yopingasa, kuunda migula, kuzula mapesi a fodya ndi thonje pa tsiku loikika, ndi kuleka kulima m'mphepete mwa mitsinje. Zambiri mwa izi zinali zanzeru, ndipo tiziphunzitsa mpaka lero. Choipa chinali chikakamizo. Wolephera ankalipitsidwa, ena anamangidwa, ena anazuliridwa mbewu zawo. Akapitawo a malimidwe, ambiri a iwo oyenda pa njinga, anasanduka adani a anthu. Agogo athu amasimba kuti belu likalira kumapeto kwa mudzi, amuna ankazemba kulowa m'tchire. Kwa nthawi imeneyo njinga inali ndi nkhope ya Boma.

Mu 1953, chaka chimene Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba, Inkosi Gomani ya ku Ntcheu inauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe, ndipo Boma linaichotsa pa mpando. Chaka chomwecho kunabuka chipolowe ku Thyolo ndi maboma ena a kumwera. Anthu anagwetsa mitengo m'misewu ndi kudula mawaya a telefoni, ndipo anthu 11 anaphedwa. Mu 1959 zinachitikanso, makamaka kumpoto, kumene misewu inatsekedwa ndi mitengo ndipo milatho ina inaonongedwa. Pa 3 Malichi chaka chimenecho Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko liri pa ngozi, ndipo anthu oposa 50 anafa m'masabata otsatira. Ndi tsiku limene tikumbukira chaka ndi chaka. Chitapita chisankho cha 1961, Dr. Kamuzu Banda anakhala nduna yoyang'anira za nthaka ndi ulimi, ndipo ulimi wokakamiza unathetsedwa.

Ndakamba izi chifukwa ndamvapo anthu ena akuti kutseka njira ndi mwambo wa omenyera ufulu. Ayi ndithu. Amene anagwetsa mitengo mu 1959 ankatsekera malole a asilikali, mlandu wawo unali ndi Boma lachilendo, ndipo ankadziwa kuti akhoza kufera zimenezo. Wokumba ngalande m'kanjira lero atchera mwana wa mnansi wake amene alikupita kukagulitsa tomato.

LIKULU NDI MIPANDA

Mu 1965 Boma la Malawi linatsimikiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba kudza ku Lilongwe. Mu 1968 linakhazikitsa bungwe lomanga mzindawu, la Capital City Development Corporation, ndi ngongole yochokera ku South Africa, ndipo mu 1975 Lilongwe anakhala likulu la dziko. Midzi imene inali pamalopo inasamutsidwa. Okonza mapulani anagawa mzinda m'madera a manambala, naika City Centre ndi Capital Hill kutali ndi Old Town, nasiya nkhalango ndi madambo pakati. Unali mzinda wokonzera munthu wa galimoto. Koma ambiri ogwira ntchito m'menemo analibe galimoto. Alonda, ophika ndi osamalira maluwa a ku Area 10, Area 12, Area 43 ndi Area 47 amachokera ku Kauma, ku Mtandire, ku Mgona ndi kwina, ndipo mapazi awo ndi njinga zawo zinatsegula tinjira tachidule m'malo onse opanda nyumba. M'kupita kwa zaka malowo anagawidwa mapuloti, eni ake namanga mipanda ya njerwa, ndipo kanjira kamene munthu anayendamo zaka makumi awiri kankapezeka m'mawa wina katatsekedwa ndi khoma.

Kumidzi nakonso zinthu zinasintha. Kuyambira 1968 chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme, ndi ndalama za World Bank, chinalambula misewu ya dothi, chinakumba mijigo, chinamanga misika ya mbewu, ndipo m'madera ena kumadzulo kwa boma lino minda inayezedwa ndi kulembedwa m'kaundula m'dzina la banja, zimene anthu anazitcha ndunda. Anthu anachuluka, tchire linatha, ndipo munda unagundana ndi munda unzake. Kale njira inkadutsa m'thengo la aliyense. Lero pafupifupi phazi lirilonse la njira liri m'mphepete mwa mzere wa munthu.

Nthawi yomweyo njinga zinachulukanso. Zotsika mtengo zinabwera kuchokera ku India ndi ku China. Kuyambira zaka za m'ma 1990 anyamata osowa ntchito anayamba kabaza, ndipo pambuyo pake panadza njinga zamoto. Mu 2006 Boma linachotsa mavenda m'misewu ya m'mizinda, ndipo ambiri a ku Lilongwe anakakhazikika ku Msika wa Tsoka. Pamsika pomwepo pali phunziro. Kwa zaka zambiri anyamata akhala akumanga timilatho ta mitengo pa mtsinje wa Lilongwe, nalipiritsa woolokapo kandalama kochepa, ndipo madzi akatikokolola amamanganso tina. Anthu akafuna kufika pamalo, adzafika. Njira siifa chifukwa yatsekedwa, imangosamukira m'munda wa wina.

DANDAULO LA MWINI MUNDA

Sindinabwere kudzanena kuti mwini munda alibe mawu. Ali nawo, ndipo ine monga mlangizi ndiwadziwa bwino. Tayala la njinga ndi lopyapyala, ndipo likasenza matumba atatu limadinda nthaka kuposa phazi. Dzinja pakati pa njira pakachita matope, wa njinga amapatukira m'mbali, wotsatira napatukiranso m'mbali mwa mnzakeyo, ndipo pakutha pa chaka njira yadya mizere iwiri kapena itatu. Njira ikalunjika kumunsi kwa chitunda, nthaka yodindikayo siimwa madzi. Madzi amathamanga m'menemo, nadula mizere ndi migula, ndipo pakapita zaka zochepa pamene panali njira pali chigwembe. Palinso okwera njinga opanda belu, opanda mabuleki, oimitsa ndi chidendene, amene agunda ana ndi nkhuku napitirira osacheuka. Palinso akuba mondokwa ndi mbuzi amene amadza pa njinga usiku.

Za makala nazo muzidziwa. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe uchokera, inatetezedwa ndi Boma mu 1922, ndipo madzi amene mzinda umwa amasungidwa m'madamu a Kamuzu ku Malingunde. Kuotcha makala kunaononga nkhalangoyo kotero kuti mu 2015 Boma linatumizako asilikali, ndipo mu 2020 zilango za m'lamulo la nkhalango zinakwezedwa. Onyamula makala opanda chilolezo amathawa misewu ikuluikulu nalowa m'tinjira ta m'minda usiku, njinga zitalemedwa ndipo nyali palibe. Amenewo ndi olakwa, koma mlandu wawo ngwa a zankhalango ndi apolisi. Ngalande yophimbidwa siifunsa kuti wasenza makala kapena wakweza mayi wapakati wopita ku chipatala.

Kumbukiraninso kuti ambiri alowa m'tinjira chifukwa pa tala aopa kufa. Madalaivala ena a malole ndi maminibasi amaliza hutala ngati kuti wa njinga ndi galu, namukankhira m'ngalande. Munthu wothamangitsidwa pa msewu, wotsekeredwa ndi khoma m'tauni, akafikanso kumudzi napeza minga ndi maenje, kodi adzere kuti?

M'MENE MLANDU UNATHERA

Tibwerere kwa mnyamata wa tomato uja. Mlandu unakambidwa pa bwalo la mfumu ya mudzi wa mwini munda, ndipo ine anandiitana kuti ndikaone njirayo. Mwini munda sanakane. Anati, “Gogo, ndinakumba ndine. Koma munda wanga watha. Ndinadza kwa inu kawiri kudzadandaula, ndipo munati tidzaona. Ndinaika minga, anachotsa. Ndikanatani?”

Mfumu inafunsa, “Nanga udzu uja munaphimbirapo, bambo, unali wa chiyani?”

Bamboyo anangoti zyoli. Mfumu inati, “Mukanaimika mtengo woonekera patali, bwenzi lero tirikukamba za malire. Koma munabisa. Chobisika m'njira ya anthu ndi mbuna, ndipo mwana uyu si nguluwe.” Kenaka inatembenukira kwa anthu niti, “Komabe mbali ina ya mlanduwu nja ine. Munthu uyu anadza kwa ine kawiri, ndipo sindinadzuke pa mpando.”

Mwini munda analamulidwa kukwirira ngalande tsiku lomwelo, kugula mkombero watsopano, ndi kupereka mbuzi kwa wovulalayo. Banja la mnyamata linavomera kuti nkhani ithere pomwepo. Akanafuna kupita nayo ku polisi akanatha, pakuti kuvulaza munthu ndi msampha ndi mlandu wa Boma, ndipo mnyamatayo akanafa, mfumu sikanakhala ndi mphamvu yoweruza. Sabata yotsatira midzi iwiriyo inatuluka ndi makasu. Tinachotsa njira pakati pa munda ndi kuipititsa m'malire a minda iwiri, mbali iriyonse nipereka mzere umodzi. Tinaiunda kuti ikwere kuposa mizere, madzi asamayendemo, tinatseka mathero a mizere ndi ngonyeka, ndipo m'mbali zonse ziwiri tinabzala udzu wa vetiva kuti njira isakulenso. Njirayo inatalikirako pang'ono, koma palibe amene wadandaula.

MAWU KWA MAFUMU NDI ALIMI

Choyamba, inu mafumu ndi nyakwawa, dandaulo la njira musaligoneke. Mlandu suola, ndipo mukauchedwetsa mwini munda adzadziweruzira yekha usiku. Mvula isanagwe yendani ndi anthu anu m'njira zonse za m'mudzi, mugwirizane kuti iyi nja mapazi okha, iyi nja njinga, iyi nja ngolo, ndipo mudziwitse mafumu oyandikana nanu, pakuti oyendamo ambiri ndi anthu awo.

Chachiwiri, njira ikayenera kutsekedwa, itsekedwe masana, ndi mawu a mfumu, ndi chotchinga chooneka patali, ndipo pakhale njira ina yolowa m'malo mwake. Waya, chingwe, misomali, zisonga, dzenje lophimbidwa, kapena chipika choikidwa pokhota m'chimanga chachitali, zimenezi zisapezeke m'mudzi mwanu.

Chachitatu, inu alimi amene njira idutsa m'munda mwanu, itanani mlangizi wa dera lanu. Kukweza njira, kuikhotetsa kuti isalunjike kumunsi, ndi kubzala vetiva m'mbali mwake sikufuna ndalama. Kufuna makasu ndi tsiku limodzi.

Chachinayi, inu a njinga, a kabaza ndi a njinga zamoto, m'munda mwa mwini ndinu alendo. Konzani mabuleki, gulani belu ndi nyali, yendani pakati pa njira ngakhale pali matope, ndipo pakavuta tsikani mukankhe. Patukirani ana, nkhalamba ndi amayi osenza. Mukathyola phesi la munthu, imani mupepese. Atate anu ankatsika pa bwalo la mfumu ndipo sanachepe nazo.

Ambiri a inu amene mulikundimvera muli ndi munda ndiponso muli ndi njinga. Lolemba ndinu mwini munda wokwiya ndi matayala, Lachisanu ndinu wa njinga wothamangira ku Tsoka kudzera m'munda wa mnzanu. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Sabata ya mawa, nthawi yonga yomwe ino, tidzakambirana za kayezedwe ka mizere ya akalozera.